Mutu 6: Filiji ya ba Webster

1. Masewera a pakhonde

Chaka chimenecho magetsi ku komboni ya Mtendere ankabwera anthu atagona, n'kuthawa anthu asanadzuke. Mawayilesi a kanema anasanduka poika maluwa apulasitiki. Thumba la ufa linkakwera mtengo mlungu ndi mlungu, ndipo anthu amene kale ankapatsana moni akuseka, tsopano ankayamba ayang'ana m'manja mwa mnzawo kuti aone wanyamula chiyani.

Philomena, mtsikana wa Giredi 11, anali ndi mankhwala ake a kunyong'onyeka. Akaweruka kusukulu ankayala katoni pakhonde la nyumba yawo n'kuitana anzake atatu, Rex, Enos ndi Sophie. Masewera awo ankawatcha Ulendo. Enos ndiye anaonapo zofanana nawo pa foni ya mkulu wake, koma malamulo anawakonza okha, pang'onopang'ono, mokangana.

Aliyense anali ndi munthu wake wongopeka. Wa Rex anali mbala yodziwa kuthyola maloko. Wa Enos anali msilikali. Wa Sophie anali mayi woimba, dzina lake Ngosa. Anthu amenewa ankayenda m'dziko lotchedwa Mapiri a Mchere, lomwe Philomena analijambula pa katoni paja, ndipo zitsekerero za mabotolo ndizo zinkaimira anthuwo.

Philomena anali woyendetsa nkhani. Iye ndiye anali mvula, msewu, mfumu yoipa ndi galu wa pachipata. Wosewera akanena chimene munthu wake akufuna kuchita, Philomena ankaponya dayisi ya ludo. Ikagwa wani, thu kapena fili, zalephereka. Ikagwa folo kapena faifi, zatheka. Koma sikisi inali mfumu ya zonse: chimene wosewera wanena chinkachitika ndendende, ndipo woyendetsa ankayenera kuchifotokoza.

Mtsikanayu anali ndi pakamwa potsekemera. Akanena kuti mitambo yayamba kuda, unkapezeka wayang'ana kumwamba. Ngakhale ba Lillian, mwini saluni ya pafupi, amene makina awo oumitsira tsitsi anali atagona chifukwa cha magetsi, ankatulutsa mpando panja n'kumaluka makasitomala awo khutu lili kwa Philomena.

Panali chizolowezi chimodzi chimene anzakewo sankachifunsa. Dayisi Philomena ankaiponyera kuseri kwa chivundikiro cha poto, n'kungonena yekha nambala imene yagwa.

2. Chivundikiro chichotsedwa

Tsiku lina Ngosa, munthu wa Sophie, anali pamlatho wa zingwe, adani akudula zingwezo. Sophie anati Ngosa alumphe. Dayisi inalira kuseri kwa chivundikiro.

“Faifi,” anatero Philomena. “Ngosa wagwila muzu wa mutengo, wapulumuka.”

Koma Enos anali atasendera pambali osaoneka. Mnyamata ameneyu akanatha kukangana ndi chipupa mpaka chipupacho kupepesa.

“Wanama!” anakuwa Enos. “Naona na maso yanga. Yagwa wani. Ngosa wafa.”

Philomena anayesa kuseka, koma kusekako sikunagwire. Anavomera kuti inde, inagwa wani, ndipo aka sikanali koyamba kusintha nambala.

“Manje tisobela chani?” anafunsa Enos. “Gemu ni malamulo. Ngati dayisi siikamba zoona, ni bwino tinkale chabe pansi utiuze nthano monga bana ba ku nesale.”

“Ine sinisobela kuti nife,” anayankha Sophie. “Ngosa ali na nyimbo zake, ali na mulongo wake wamene amuyembekezela. Nasebenza pali uyu muntu kuchokela pa holide. Manje afe chabe chifukwa kapulasitiki kagwa mwa so?”

“Ngati sangafe, ninshi sali moyo,” anatero Enos. “Chamene chimachitisa kuti mutima ugunde ni kuziba kuti ungaluze. Filo akatipulumusa lyonse, ise ndise vidole vake chabe.”

“Nanga nkani ikatela pakati, chakoma ni chani?” anafunsa Philomena. “Dayisi siiziba nkani. Ine niziba kwamene tiyenda.”

“Ndiye vuto yamene iyo. Iwe uziba, ise sitiziba. Njila unailemba kudala.”

Mkanganowu ukanatha kufika mpaka madzulo, koma Rex, amene nthawi yonseyi ankangotafuna kamtengo, analowererapo. Rex anali wamtali, wolankhula mochedwa, ndipo anyamata anzake ankakonda kutsata kumene iye waloza.

“Imwe bonse muli kutali,” anatero Rex. “Vuto si dayisi. Vuto ni yakuti ine siniyopa. Vinjoka va mitu itatu, mapili ya muchele, nindani anavionapo? Koma nikapita pa Kalikiliki masiku yano, mutima umagunda. Ija ndiye nkani. Tilete gemu muno mu komboni. Misewu yatu, bantu batu.”

Onse anadziwa chimene ankanena. Kunali mphekesera yoti ku Kalikiliki, komboni yoyandikana ndi Mtendere, kwasowa mwana. Palibe amene ankadziwa dzina la mwanayo, kaya makolo ake, koma aliyense anali ndi msuweni amene anamva kwa munthu wodalirika.

“Dziko ya kutali ili na ubwino wake,” anatero Philomena. “Ukapaya mfumu ya kuja, kulibe wamene alila.”

“Ndiye chifukwa chake siikoma,” anayankha Rex. “Mvela, Filo. Fred wa pa babashopu naye ali na dayisi, ndipo akamba ati angayendese. Mailo tifuna vintu vibili. Dayisi igwe poonekela, na nkani ibwele mu Mtendere. Ngati siufuna, ise tayenda kuli Fred.”

Mawu amenewa anamupweteka Philomena koopsa. Pasukulu sanali wanzeru kuposa ena, kunyumba kunalibe chodzitamira, koma pakhonde paja anthu ankakhala chete iye akatsegula pakamwa. Kuganiza kuti Fred, amene sankatha ngakhale kufotokoza mpira umene waonera, akhale pamalo pake, kunamuwawa kwambiri.

“Nizaganizapo,” anatero, akupinda katoni.

3. Chenjezo la ba Isaiah

Bambo ake, ba Isaiah, anali atamva zonse. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, kupanga mageti ndi mafelemu a mawindo, koma popanda magetsi ankangokhala kuseri kwa nyumba akupala dzimbiri pa zitsulo zopanda woziitanitsa. Anakulira ku Katete, ndipo Chichewa chawo sichinasungunuke ndi za m'tauni.

Anzake atachoka anamuitana.

“Philomena, khala apa. Masewera anuwa sindidana nawo. Kuli bwino muzikangana za dayisi kusiyana n'kumakaima pa Chibolya ndi anyamata osuta chamba. Koma ndamva zimene wanena mnyamata wamtali uja, ndipo khutu langa silinakondwe.

“Mwana wanga, yang'ana nthawi imene tikukhalamo. Anthu akakhuta, bodza amaliseka. Anthu akakhala ndi njala, bodza amalidya. Munthu amene wagona ndi njala sangamenye mtengo wa ufa, sangamenye magetsi, chifukwa zimenezo zilibe nkhope. Ndiye amayenda akufunafuna nkhope. Ukamupatsa dzina la munthu, wamupatsa poponya mwala.

“Ndili wophunzira ntchito ku komboni ya George, kunali telala wina, a Nkole. Anali waluso, ndipo nthawi ya mavuto ngati ino iwo okha ndiwo ankaoneka kuti akudya bwino. Tsiku lina munthu wina pamowa ananena nthabwala kuti makina a a Nkole amasoka okha, mwini wake ali m'tulo. Tonse tinaseka, chifukwa tinkadziwa kuti ndi nthabwala. Koma nthabwala ija inapita pampopi, ndipo pampopi sipanafike kuseka kwake, panangofika mawu. Kenako mwana wa munthu wina anadwala. Ndinaona ndi maso angawa anthu amene a Nkole anawasokera madiresi a ukwati akuphwanya makina aja ndi nyundo. Bamboyo anathawa ndi malaya okha, magazi ali chuchuchu, ndipo sitinamvenso za iwo.

“Amene anayambitsa nthabwala uja sanali munthu woipa. Ankangofuna kuti anzake aseke. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iwe Mulungu anakupatsa mlomo wakuthwa kuposa wa anzako, ndiye uziusamala kuposa anzako. Sewerani ndi mafumu anu a kumapiriwo, muwaphe, muwadzutse, palibe mlandu. Koma dzina la munthu amene akupuma, amene ali ndi khomo loti anthu angaliloze, usaliike pa katoni. Wandimva?”

“Ndamva, atate,” anayankha Philomena.

Anamvadi. Koma paja mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo Rex sanapereke nthawi yoti agonere.

4. Dayisi igwa poyera

Mawa lake ba Isaiah analawirira kutauni kukafuna maganyu. Philomena anapeza njira imene iye anaiona ngati yanzeru. Nkhani aibweretsa mu Mtendere, koma anthu ake akhala opeka. Anajambula katoni yatsopano: msika, mpopi, ngalande yaikulu, msewu wopita ku Kalikiliki. Chivundikiro cha poto anachibwezera kukhitchini.

Kunena zoona, masewera a tsiku limenelo anakoma. Dayisi ikamagubuduka poyera, onse ankagwira mpweya. Msilikali wa Enos anathyoka mwendo polumpha ngalande imene Enos weniweni ankailumpha tsiku ndi tsiku, ndipo iye anaseka mokondwa ngati wapatsidwa mphatso. Ba Lillian anasendeza mpando wawo pafupi. Makasitomala awiri amene ankadikira anasiya nkhani zawo.

M'nkhanimo munasowa mwana, ndipo osewera ankamufunafuna. Philomena anapeka wamalonda wina wokhala yekha, n'kumutcha Mudala wa Makiyi.

“Awe, Filo,” anatero Rex. “Tonse tiziba ni ndani uyo. Kamba zina.”

“Alibe zina. Ni wopanga chabe.”

“Basi nizakamba ine. Kawalala wanga ayenda pa shopu ya ba Webster.”

Ba Webster anali bambo wachikulire amene anabwera kuchokera kumigodi ntchito itatha. Ndi ndalama zake zopumira anagula masola ndi filiji yaikulu, ndipo m'dera lonselo shopu yawo yokha ndiyo inkagulitsa nkhuku zozizira ndi madzi oundana. Analibe mkazi, sankapita kutchalitchi cha pafupi, ndipo chipinda cha filijiyo ankachikhoma ndi maloko awiri. Sanalakwirepo munthu. Ana a sukulu ankawatchajira mafoni ulere. Koma filiji imene ikulira pamene ena onse ali mumdima imabala mafunso, ndipo anthu anali atayamba kale kunong'ona.

“Natyola maloko yonse yabili,” anapitiriza Rex. “Nasegula filiji. Nifuna nipeze vamene bantu bakamba. Ponya.”

“Iwe Rex, leka,” anatero Sophie. “Baja ni bantu ba zoona.”

“Ni gemu chabe. Enos, lamulo ikamba chani?”

Enos anakanda m'mutu. Nkhope yake inaonetsa kuti sanakondwe, koma iye ndi amene dzulo lake analalikira za malamulo, ndipo kubweza mawu kunali kovuta kwa iye kuposa kumeza mwala.

“Wosobela akafunsa, dayisi iyanka,” anatero motsitsa mawu.

Dayisi inali m'dzanja la Philomena. Akanatha kuiika m'thumba la yunifolomu n'kunena kuti lero zathera pompa. Rex anaona kukayika kwake ndipo anaimirira, akusasa fumbi pa buluku.

“Tiyeni kuli Fred, magayizi. Kuno kuli ba nesale.”

“Ponya, mwana, naise tifuna timveko,” anatero ba Lillian, chipeso chili pakamwa.

Philomena anadziuza kuti dayisi ili ndi nkhope zisanu ndi imodzi, ndipo yoopsa kwenikweni ndi imodzi yokha. Ikagwa nambala yaing'ono, mbala ilephera, nkhani ipita kwina, ndipo aliyense akhala wokhutira. Anaponya.

Dayisi inagubuduka pa katoni, inadutsa msika, inagunda chitsekerero cha Sophie n'kuima. Tsoka silinunkha. Inali sikisi.

Rex anakhalanso pansi pang'onopang'ono, akumwetulira.

“Kamba manje,” anatero.

Ngakhale apa khomo linali lisanatsekeke. Akanatha kunena kuti mbalayo yapeza nkhuku zokhazokha, Enos n'kukwiya, Rex n'kupita kwa Fred. Koma maso onse anali pa iye, ndipo panali patafika mayi wina wachilendo, wonyamula chigubu cha madzi, amene anaima kumbuyo kwa ba Lillian. Philomena anali asanakhalepo ndi omvera ochuluka chotere. Anatsitsa mawu, monga ankachitira nkhani ikafika poopsa.

“Chivundikilo cha filiji ni cholema. Ukachinyamula, mpepo yozizila ikumenya kumaso. Pamwamba pali nkuku, zambili, zoikiwa bwino bwino. Uzichosa imozi imozi. Pansi pake pali pulasitiki yakuda, yomangiwa na waya. Siili monga nkuku. Ni itali. Pambali pake, mu ayisi, muli kansapato kakuda ka sukulu, kamozi chabe, ntambo yake ikali yomanga.”

Manja a ba Lillian anaima m'tsitsi la kasitomala. Kasitomalayo anagwira pakamwa. Panalibe amene anaseka.

“Mayo!” anatero mayi wa chigubu uja. “Mu shopu mwa ba Webster? Nindani anaona?”

Mayiyu sanaone katoni, chifukwa anthu anali ataitchinga. Sanamve chiyambi, sanaone dayisi.

“Ni uyu mwana akamba,” anayankha ba Lillian, maso ali pa Philomena.

“Ni gemu, anti,” anatero Enos, koma mayiyo anali atasenza kale chigubu chake, akuyenda mofulumira kuposa mmene munthu wosenza madzi amayendera.

“Iyi ndiye gemu!” anafuula Rex, akumenya Philomena paphewa. “Naona mutima wagunda. Filo, ndiwe wamene!”

Philomena anakondwa. Tisabise, anakondwa kwambiri, ndipo kukomako kunamufika mpaka kuzala. Sophie anatola chitsekerero chake, anachiika m'thumba, n'kuchoka osatsanzika.

Posakhalitsa mumsewu munamveka kulira kwa wilibala. Anali ba Webster, akukankha madzi oundana kupita nawo kumsika. Anaima pang'ono pachipata n'kukweza dzanja.

“Muli bwanji bana ba sukulu? Filo, ulete foni ya batate bako niichaje, bangapeze kol ya nchito.”

Ba Lillian anayang'ana pansi. Kasitomala wawo anakokera mwana wake pafupi. Ba Webster anadikira pang'ono, anatsitsa dzanja lawo, n'kupitiriza ulendo. Apa m'pamene chimwemwe cha Philomena chinazizira, ndipo manyazi anamugwira.

5. Nkhani ibwerera kwa mwini wake

Bambo ake atabwera madzulo, otopa ndiponso opanda kanthu m'manja, Philomena sanawauze. Anaganiza kuti pofika m'mawa anthu adzakhala ataiwala.

Mawa lake kusukulu, nthawi yopuma, mtsikana wina wa kalasi lina anamukokera pambali.

“Wamvela? Kuli mukazana wa pa sukulu pano anangena mu shopu mwa ba Webster. Anapeza bana babili mu filiji. Amai banga bamvela ku pompi.”

“Si zoona,” anatero Philomena. “Inali gemu. Nine ninakamba.”

“Ndiwe unaona?” Maso a mtsikanayo anatuluka. “Imwe, bwelani! Ni Filo wamene anaona!”

Anayesa kufotokoza za katoni, za dayisi, za sikisi. Anzakewo ankangogwedeza mitu momumvera chisoni. Wina anati n'zomveka kuti akukana, akuopa kuti naye angasowe. Madzi akatayika saoleka, ndipo Philomena anaona kuti pamene akukana kwambiri m'pamenenso akumukhulupirira kuti anaonadi.

Poweruka anapeza Enos akumudikira pageti.

“Rex sanabwele ku sukulu,” anatero Enos. “Bakamba ati bamutuma ku Chawama kuli ba ankolo bake. Filo, nine ninalakwa pali ija lamulo. Tiye tikauze ba Webster bachokeko lelo.”

Anayamba kuyenda mofulumira, kenako kuthamanga. Atafika pamsika anaona amayi akulongedza tomato wawo dzuwa likadali pamutu. Mwini kantemba wina ankakhoma zenera la kashopu kake. Anyamata amene masiku onse ankakhala pa babashopu panalibe, mabenchi ali okhaokha. Kutsogolo kunkamveka phokoso la anthu ambiri olankhula nthawi imodzi.

Msewu wa ku shopu ya ba Webster unali utadzaza. Munali amayi a zitenje, abambo amene ntchito zawo zinaima, anyamata a pa siteshoni ya minibasi. Ambiri mwa iwo Philomena ankawadziwa mayina. Ena anali atatola miyala m'ngalande. Sola imodzi padenga inali itasweka kale.

Ba Webster anali ataima kuseri kwa chitseko cha zitsulo cha shopu yawo, makiyi ali m'manja.

“Ngenani muone mweka!” ankakuwa. “Sankani bantu babili, bangene! Muli nkuku chabe!”

“Wachosamo usiku!” wina anayankha. “Tiuze kwamene wabaika!”

Philomena anafuna kubwerera, koma kumbuyo kwake kunali kutadzaza kale anthu. Enos anamugwira mkono.

“Bauze kuti inali gemu,” ananong'ona. “Iwe bazakumvela.”

Asanayankhe, dzanja lina lamphamvu, lonunkhira mafuta a tsitsi, linamugwira mkono winawo. Anali ba Lillian.

“Uyu apa!” anafuula ba Lillian. “Uyu ndiye mwana wamene anaona! Patukani, apite kusogolo!”

Anthu anapatuka. Manja ambiri anamukankha mofatsa, ngati akuperekeza mkwatibwi, mpaka anapezeka waima yekha pakati pa khamu ndi chitseko cha zitsulo. Wina anabweretsa kireti ya mabotolo n'kumukweza pamwamba pake kuti onse amuone.

Phokoso linatha. Mtendere yense anakhala chete kudikira pakamwa pa Philomena, ndipo aka kanali koyamba kuti chete wotere amuchititse mantha.

Bambo wina wa ndevu, njerwa ili m'dzanja, anasendera pafupi.

“Osayopa, mwana wanga,” anatero mokoma mtima. “Tili pambuyo pako tonse. Ngati bakulipila kuti ukane, naiwe tizaziba. Kamba chabe vamene unakamba mailo.”

Kuseri kwa zitsulo, ba Webster anasiya kukuwa. Anamuyang'ana, ndipo nkhope yawo inamasuka ngati ya munthu amene waona wachibale pakati pa alendo.

“Aa, ni Filo,” anatero. “Uyu aniziba bwino. Bauze, mwana wanga.”